Wodzaza Machubu ku Likhubula

Zaka khumi ndi zinayi ndinali bulu wa phiri ili.
Ndinkatsika ku Chambe thabwa lili pamutu,
nkhata yanga thumba la feteleza,
zala zakumapazi zitaluma mwala ngati nalimata,
fungo la mkungudza litandilowa mpaka m'malovu.
Elube ankati: ukalowa m'nyumba muno
ndimayesa kwafika bokosi la maliro a munthu wolemera.
Tinkaseka.

Tsiku lija kunali chiperoni.
Ululu sindinaumve, ndinangomva thabwa
likutsetsereka lokha, kho, kho, kho, kunka kumadzi,
ine ndili chagada n'kumawerengera mtengo wake.
Anyamata anayi anandigoneka pa thabwa la Khoviwa.
Ndinatsika phiri momwe ndinkatsitsira katundu.

Ku Mishoni dokotala anabaya singano pachala chachikulu,
anandiyang'ana kumaso,
anabayanso.
Palibe anayankhula.

Za chaka chotsatiracho ndisanene zambiri.
Ndinaloweza mabowo a malata: makumi awiri ndi atatu.
Abusa anabwera ndi vesi, ndinatembenuzira nkhope kukhoma.
Alamu anabwera ndi dzina la amene anandilodza,
khoma lomwelo.
Elube ankanditembenuza ngati chinangwa chapamakala
kuti zilonda zisadye msana,
ndipo usiku wina ndinamufunsa
komwe amabisa mankhwala a makoswe.
Sanalire. Anatuluka, ndinamva chitseko cha chimbudzi,
anabwerera manja ali lende
nagona msana wake utatsamira wanga.

Amene ananditulutsa ndi mayi Nahache a kunazale,
osati ndi chifundo, ayi, analibe nthawi yake.
Anangoti: manja ali bwino? Ndikusowa wodzaza machubu.
Anandikweza pa wilibala.

Tsopano ndimakhala pa chiguduli pansi pa shedi yaudzu,
dothi lakuda mbali iyi, mchenga mbali iyo.
Njere ya mkungudza ndi kanthu kopepuka,
ukayetsemula yapita.
Mwa khumi zimamera zitatu, mwina ziwiri,
zinazo zimangogona m'dothi ngati miyendo yangayi
ndipo ndimazithirira chimodzimodzi.

Musandinamize kuti kugwa kuja kunali ndi cholinga.
Mwala unali woterera, basi.
Msana umandiwotchabe mvula ikamayandikira,
masiku ena ndimatukwana phiri
mpaka ana opita kusukulu amathawa.
Koma mbande sizidziwa kuti ndakwiya.
Zimafuna madzi dzuwa lisanatuluke pa Chambe,
zimafuna wina azizulire udzu ndi nsonga ya kamtengo,
ndipo winayo, pakadali pano,
ndine.

Mu Disembala anyamata amabwera ndi madengu
kudzazisenza, kukwera njira yomwe ija
ndinkatsitsira makolo a mbandezi.
Khoviwa ali pakati pawo, wamera imvi.
Ndimamuuza: ukaponde bwino pamwala uja.
Akuti zambiri zimapsa ndi moto wa alenje,
zina chisanu chimazimaliza zisanafike m'bondo.
Akutinso mtengowu kuti ukhwime
mdzukulu wa mdzukulu wanga adzakhala akuyendera ndodo.
Ndilibe nazo.
Pamthunzi pake sindidzakhalapo,
ngakhale bokosi langa lidzakhala la paini wamba.

Dzulo madzulo Elube ananunkhiza manja anga.
Anati: ukununkha dothi.
Ndinati: ndikuyambiratu kuzolowerana nalo.
Anandikwapula ndi nsonga ya chitenje paphewa,
kenako anafunsa kuti zamera zingati.
Makumi anayi ndi imodzi, ndinatero,
ndipo pali ina yangoswa kumene dothi,
yapinda khosi ngati munthu wosenza thabwa.

Undidzutse msanga, ndinamuuza.
Ndikufuna ndikaione ikuweramuka.